Mtengo wa Mbatata m'Chingerezi

Lolemba

Nkhungu yakuta Chongoni kuyambira m'mawa. Phiri silikuoneka, nkhokwe ya apongozi sikuoneka, ngakhale khasu langa silikuoneka, ndipo sindikulifunafuna.

Mesenjala wa ku Boma wadutsa pamudzi, chisoti chofiira pamutu, kalata itapanidwa pa kamtengo. Waima kupempha madzi. Pomwa akuti: "Dona wa bwana wa ku Boma akufuna munthu womugulira za kukhitchini: mazira, nkhuku, mbatata, mkaka. Koma akhale womva Chingerezi cha malonda. Ofuna afike Loweruka m'mawa."

Amuna onse pabwalo atembenuka kuyang'ana ine. Ine ndiye ndinakhala zaka zitatu pa sukulu ya ku mishoni. Ine ndiye ndimaphunzitsa ana katekisimu pansi pa mkuyu. Kabuku ndili nako, pensulo ndili nayo. Ndayankha kuti ntchitoyo ndi yanga kale. Ndayankha mokweza, kuti mawu akalowe mpaka m'nyumba ya apongozi aakazi.

Chaka chino n'chachinayi ndili pa chikamwini m'mudzi muno. Munda ndi wa apongozi, nyumba ili pamalo a apongozi, nkhuku ndi za mkazi wanga Nankhoma. Changa ndi pensulo. Akamanena za ine amati "wolemba uja", ndipo sanena moyamikira.

Chingerezi chimene ndili nacho lero:
yesi
no
gudumoningi
hau machi

N'chochepa, sindikukana. Ku sukulu ankatiphunzitsa kuwerenga m'chinenero chathu ndi kuyimba m'Chilatini. Koma chotsala ndi mawu a mtengo basi, ndipo sangakhale ovuta. Ife tili ndi liwu limodzi, mtengo. Limakwanira pa mbuzi, pa mchere, pa nsalu, ndipo ukatopa umakhalanso pamthunzi pake. Azungu ndi anthu ofulumira, ayenera kuti ali ndi limodzi lalifupi kuposa lathu. Masiku asanu, liwu limodzi!

Zimene zidzachitike ndikalembedwa ntchito:
jekete ya kaki ya matumba anayi
chipewa, ngakhale kunja kukhale kopanda dzuwa
nsalu yamaluwa ya Nankhoma, yoti akazi a kuchitsime aiwale kutunga
kuyenda pang'onopang'ono
kudutsa pa dimba la apongozi manja ali kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Zikumera?"

Ndamuwerengera Nankhoma mndandandawu. Pa nsalu wagwedeza mutu. Pa chipewa akuti: "Mutu wake uti?"

Apongozi aamuna atumiza mawu kudzera mwa iye: mpanda wa ku dimba la mbatata ya kachewere wagwa mbali ya kumtsinje, ndikaumange nkhumba zisanadziwe. Ndayankha kuti ndamva. Ndamvadi. Mpanda suthawa.

Masana nkhungu yang'ambika pang'ono, nsonga ya phiri yaoneka yokha ikuyandama m'mwamba, yopanda tsinde. Ndaiyang'ana mpaka yatsekekanso. Ndikudziona ndili pakhonde la dona, ndikukweza dzira kudzuwa, ogulitsa onse ali chete kudikira chimene nditi ndinene. Sindikufulumira. Dziralo likuwala m'kati ngati nyale.

Lachiwiri

Ulendo wa ku mishoni. Mame mpaka m'mawondo.

Abambo wansembe ndawapeza m'munda mwawo akutengulira mitengo ya mapichesi, mkanjo woyera atauphatika m'lamba. Iwo si Mngerezi. Kwawo n'kwina, ndipo akuti Chingerezi anachiphunzira m'sitima ya pamadzi pobwera kuno, uku akusanza. Koma ali ndi buku lolemera ngati mwanamphero. Andilowetsa m'chipinda chonunkhira buledi ndi sera, wotchi ikugunda pakhoma ngati mtima wa nyumbayo. Anyowetsa chala, atsegula.

Ndapempha liwu limodzi. Andipatsa atatu!

pulayisi: mtengo umene wogulitsa akutchula
kositi: chimene chachoka m'manja mwako kuti chinthucho uchipeze
valiyu: kufunika kwa chinthucho, kaya chikugulitsidwa kaya ayi

Ndafunsa kuti pa atatuwa lenileni ndi liti. Akuti: "Onse, mwana wanga. Nkhuku imodzi ili nawo onse atatu, ndipo kawirikawiri sagwirizana." Kenaka akuti kositi si makobiri okha. "Wayenda mtunda wonsewu, wanyowa, wasiya ntchito kumudzi. Imeneyo ndiyo kositi ya mawu atatuwa." Za mtunda ndalemba, za kunyowa ndalemba. Za ntchito ya kumudzi ndadumpha.

Pobwerera ndikuyenda ngati wolodzedwa. Chilichonse chimene ndikukumana nacho chagawika patatu. Mayi wosenza nkhuni: nkhunizo zili ndi pulayisi, khosi lake ndi kositi, moto ndi valiyu. Mtsinje: pulayisi palibe, kositi palibe, koma tayesani kuuchotsa. Khwangwala wa pa mwala: ndaima nthawi yaitali, sindinamupezere ngakhale limodzi mwa atatuwa, koma mwini wake akuoneka wokhutira.

Ndasochera. Njira imene ndayenda zaka zinayi! Ndatulukira m'mphepete mwa nkhalango ya kumanda, kumene munthu wa katekisimu sayenera kupezeka. M'katimo wina akuyesa ng'oma. Ndathamanga osacheuka. Pothamanga liwu limodzi lagwa m'mutu, ndalipezanso m'kabuku.

Kunyumba ndamufotokozera Nankhoma zonse, ndikuloza mbuzi ya amayi ake. Wamvetsera uku akutongola chimanga. Akuti: "Ndiye mbuziyo ndi imodzi kapena zitatu? Chifukwa ngati ndi zitatu amayi akondwa." Kenaka wandiyang'anitsitsa. "Milomo yanu yatani?"

Ndi pensulo. Ndi ya mtundu uja wofuna kunyambita kuti ilembe zooneka, ndipo imasiya milomo ngati wadya nthudza. Apongozi aakazi andiona chapatali, afunsa mwana wawo ngati Chingerezi chimayamba ndi kuwoletsa pakamwa.

Mpanda: mawa.

Lachitatu

Chiperoni. Kamvula kosaoneka koma konyowetsa mpaka m'mafupa.

A Bokosi andiitana. Ndi malume ake a Nankhoma. Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku Halale akuphikira mzungu wa mgodi, n'kubwerako ndi bokosi lachitsulo limene palibe anaonapo m'kati mwake. Dzina linachokera pomwepo. Akhala pa bokosilo, andiuza kuti nditchule mawu anga atatu, aseka mpaka chifuwa chawagwira.

"Chimenecho ndi Chingerezi cha m'tchalitchi, mkamwini. Ukachiyankhula pamsika nkhuku zomwe zikuseka. Cha malonda ndili nacho ine."

Koma sichituluka chaulere. Akufuna tambala wa m'khola. Ndawauza kuti tambala si wanga. Akuti: "Nanga ukadzavala jekete, tambala adzakhala chiyani?" Zoona. Ndagwira tambala wofiira wa Nankhoma mwini wake ali kuchitsime. Ndidzamufotokozera bwinobwino, ndi liwu lija la valiyu.

Mawu a a Bokosi:
tchipi: chotsika mtengo
diya: chokwera mtengo

Awiri okha, pa tambala wathunthu! Ndadikira lachitatu, silinabwere. Akuti mphamvu yake ili pankhope. Ukamati diya uzitseka diso limodzi, uzibweza mutu kumbuyo ngati wanunkhiza chovunda. Ukamati tchipi usaonetse mano, wogulitsa angazindikire kuti wakondwa. Ndayeseza pamaso pawo kasanu. Akuti nkhope yanga ndi ya munthu wopemphera, ikufunika kuuma. "Ku Halale munthu wa nkhope yotere amamugulitsa mwala, n'kuthokoza."

Mwayi woyeserera wabwera wokha. A Nachisale, woumba wa m'mudzi mwathu, akudutsa ndi mitsuko yatsopano. Ndawaimitsa, ndagogoda mtsuko ndi chala, ndati tchipi, mano ndabisa. Afunsa tanthauzo. Ndawauza.

Atula mitsuko pansi, umodziumodzi, mosamala. Andiuza kumene amakumba dothi, maulendo amene amayenda nalo pamutu, zala zimene zinapsa pootcha, ndi zimene amayi anga anayenera kundiphunzitsa asanandimasule kukakwatira kwa eni. Pabwalo pasonkhana anthu. Mumtima ndati, iyi ndiye kositi yeniyeni ya mtsuko! Ndinafuna kulemba, koma sinali nthawi yake.

Madzulo Nankhoma akulowetsa nkhuku m'khola. Waima pakhomo pa khola. Wasuzumira m'kati. Sanafunse. Tambala wadziulula yekha, walira kuchokera kwa a Bokosi, mudzi wonse wamva.

Akuti: "Mawu awiri. Ine chaka chino dzira sindinalilawe, kusungira kuti ziswe." Ndayamba za valiyu. Watuluka ndisanafike pakati.

Ndakhala pakhonde, ndikuyang'ana utsi ukutuluka m'madenga n'kusakanikirana ndi nkhungu, osadziwika pamene wina wathera. Ku Boma akuti nyumba zili ndi mawindo a galasi, munthu amaona mvula koma yosamugwira. Ndidzaima pa windo lotere, wouma, ndikumvera chisoni onse a kunja.

Mpanda: chiperoni.

Lachinayi

Dzuwa! Phiri labwerera pamalo pake, lotsukidwa.

Abambo wansembe adutsa pa bulu, akukaona mayi wodwala kumudzi wa kutsidya. Ndathamangira bulu, kabuku m'manja. Ndawatchulira tchipi ndi diya, pamodzi ndi nkhope zake. Bulu wadzidzimuka. Abambo akuti mawuwo ndi oona, koma diya lili ndi mbali ina. "Ndi liwu lomwelo limene Angerezi amaitanira munthu amene amamukonda. Kalata iliyonse amayamba nalo."

Ndaima pakati pa njira. Wokwera mtengo, wokondedwa, liwu limodzi! Anthu amenewa ndinkawayesa ouma mtima. Ndiye kuti makalata onse aja amene amesenjala amathamanga nawo m'mapiri muno, dzuwa ndi mvula, amayamba ndi chikondi. Ngakhale oitanira anthu ku milandu.

Abambo atsika pa bulu, andiwonjezera ena awiri. Akuti ndichenjere nawo, ndi mapasa osiyana mitima.

pulayisilesi: chopanda mtengo chifukwa n'chapamwamba kwambiri, palibe angakwanitse kuchigula
valiyulesi: chopanda mtengo chifukwa n'chachabechabe, palibe angachifune

Ndafunsa kuti munthu amasiyanitsa bwanji, poti zonse n'zopanda mtengo. Akuti: "Funso limenelo ndi la tsiku Lamulungu." Akwera bulu.

Mawu afika asanu ndi awiri. Lolemba ndinkafuna limodzi.

Masana onse ndagona chagada pa thanthwe lofunda pamwamba pa mudzi, ndikugawa dziko pawiri.
Mitambo: pulayisilesi.
Fungo la udzu wopsa kutali: pulayisilesi.
Nsikidzi za m'mphasa: valiyulesi.
Nyimbo imene Nankhoma amaimba posinja akamayesa kuti palibe akumva: pulayisilesi.
Bokosi la a Bokosi: sizidziwika mpaka litatsegulidwa.
Mkamwini: zitengera amene wafunsidwa.

Kamphepo kakudutsa pamwamba pa udzu wofiira, phiri lonse likuoneka ngati likupuma. Ndikuganiza kuti ndinagonako pang'ono.

Ndatsika ndi nzeru yokonzera nkhani ya tambala. Nankhoma akupeta. Ndaima patali pang'ono, ndati, "Diya." Wapitiriza kupeta. Ndabwereza, maso onse awiri otsegula. Wafunsa tanthauzo, ndamuuza mbali zonse ziwiri, poti mphunzitsi sabisa.

Akuti: "Wokwera mtengo? Munandigula kwa yani? Ng'ombe zake zili kuti? Kuno sitilowola, pitani kwa Angoni. Inu munabwera ndi mphasa ndi pensulo." Koma ndikuganiza kuti pambali pa mlomo wake panagwedezeka. Mwina ndi gaga anamugwera.

Apongozi aamuna adutsa ndikubwereza mapasa aja mokweza kuseri kwa nkhokwe. Aima, atchera khutu. Akuti: "Lesi, lesi. Chingerezi chimenecho ndachimva ngakhale ine. Ulesi." Apitirira.

Mpanda: mawa m'mamawa ndithu, dzuwa lisanatuluke!

Lachisanu

Nkhumba zalawirira kuposa ine.

Zinayi, za kumudzi wa kutsidya, pamodzi ndi ana awo. Zalowera mbali ya kumtsinje, pamene mpanda unagwa. Ndafika ndi nsungwi paphewa, ndapeza mitu ili m'dothi, michira ikuvina. Ndakuwa! Ndaponya nsungwi! Yaikulu yadzutsa mutu, yandiyang'ana, yatafuna kaye. Pothamangitsa ndagwa kawiri, ndipo mizere imene nkhumba zinasiya ndaiponda ine.

Theka la dimba latembenuzidwa. Mbatata zambiri n'zolumidwa kamodzi n'kusiyidwa, ngati nazonso zimayamba zalawa zisanagule.

Apongozi aamuna afika. Ayenda m'dimba kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Mbatata imeneyi ndiyo inali mchere ndi nsalu za banja lonse chaka chino, ndipo mbewu yake anaisunga okha m'phulusa miyezi inayi. Atola imodzi yolumidwa, aiyang'ana, aiika m'dzanja langa, andifumbatitsa. Akuti: "M'Chingerezi ichi chimatchedwa chiyani?"

Yankho ndikulidziwa. Ndatola nsungwi zanga.

Tsiku lonse:
kudula nsungwi
kusenda luzi
kukumba maenje
kumanga
kumasula pamene ndapotoza
kumanganso

Nankhoma ndi amayi ake akukumba zotsala mbali ina ya dimba. Ine msana kwa apongozi aakazi monga mwa ulemu, ndipo lero ulemuwo wandithandiza. Zabwinobwino zakwana dengu limodzi lokha. Nankhoma akuti mawa apita nane ku Boma akaligulitse. Ndati palibe chifukwa chovutikira, ndikhoza kukamugulitsira ine ndi mawu anga. Akuti: "Sindikufunsa."

Kuyeseza sindinasiye. Pa mzati uliwonse liwu limodzi: pulayisi, kositi, valiyu, tchipi, diya, mapasa awiri, n'kuyambiranso. Pofika kumtsinje mawu ayamba kusinthana malo okha. Nditatopa, onse akumveka ngati maina a ana a mzungu akuitanidwa kukadya.

Dzuwa likupendeka mpanda waima. Wowongoka ndithu.

Malaya ndachapa, ali pa chitsamba. Milomo ndatsuka ndi phulusa, mtundu sukuchoka. M'manja matuza okhaokha, pensulo ndikuigwira ndi nsonga za zala ngati njoka yaing'ono. Komabe mawa! Munthu akavala jekete za nkhumba zimaiwalika. Ndikudzionabe pakhonde paja, koma lero mkono wokweza dzira ukuwawa.

Loweruka

Tanyamuka kum'mawa kukufiira. Nankhoma patsogolo ndi dengu, ine pambuyo ndi mawu asanu ndi awiri. Chisanu cholasa m'makutu. M'madambo nkhungu yagona yoyera ngati ufa woyanika, nsonga za mapiri zili pamwamba pake. Panjira tapangana mtengo wa dengu. Kunena zoona, ine ndatchula, iye wapitiriza kuyenda.

Boma! Nyumba za njerwa, mbendera, mitengo yobzalidwa m'mizere ngati asilikali. Mawindo a galasi alikodi. Ndayandikira limodzi, ndaonamo munthu wamfupi wa milomo ya nthudza akundiyang'ana mwamantha.

Tazungulira kuseri kwa nyumba ya dona, pafupi ndi khitchini. Ogulitsa akhala pansi mumzere, Nankhoma pakati pawo. Ofuna ntchito tili atatu: ine, bambo wina wamtali wovala nsapato, ndi mkulu wina wachete wofunda bulangete. Wophika wa dona, munthu wonenepa wa chipewa choyera, ndiye akutiimika.

Dona watuluka. Ndi wamng'ono thupi, mphuno yafiira ndi chimfine, kansalu m'manja. Sakufanana ndi amene ndinkamuona pa thanthwe paja. Akuoneka ngati munthu amene akungofuna mazira.

Akutiyesa pogula pamaso pa dona, ndipo wansapato wayamba. Chingerezi chake n'chambiri, chikutuluka ngati madzi a mvula m'ngalande. Wagula mazira mofulumira, wophika wawaika m'mbale ya madzi, atatu ayandama. Ovunda. Wansapato wanyamuka, nsapato zikulira.

Ine. Gudumoningi yatuluka bwino kwambiri. Dona wayang'ana mzere wonse, ndipo pa madengu onse waloza la Nankhoma. Wati hau machi. Ndamva! Chingerezi chenicheni, chochokera pakamwa pa mwini wake, ndipo ndachimva! Chimwemwe chandisokoneza. Ndikufuna kumuuza kuti mbatata iyi ndi imene inapulumuka ku nkhumba, kuti mkazi wanga waisenza kuchokera ku Chongoni osatula, kuti yoposa iyi kulibe m'mapiri monse muno. Ndapisa m'mutu, ndagwira mmodzi wa mapasa. Ndati, "Valiyulesi."

Dona wayang'ana mbatata, wayang'ana ine. Ndazindikira kuti ndagwira woipa. Ndati, "No, no, pulayisilesi!" Waseka mpaka kuyetsemula. Wandisiya, wawerama, wafunsa Nankhoma ndi zala. Nankhoma wayankha ndi zala, zambiri kuposa zimene ndinatchula panjira. Dona waweramuka, wandiyang'ana m'maso, wapendeketsa mutu, wanena mofatsa, "Diya."

Nzeru zauluka. Mkazi wa bwana! Pamaso pa wophika, pamaso pa mkazi wanga! Tanthauzo la a Bokosi lathawa, latsala la Abambo. Ndagwada, ndawomba m'manja, ndanena m'chinenero chathu kuti pepani dona, ine ndine wokwatira, ukwati wake wa m'tchalitchi, mkazi wanga ndi uyu. Ndaloza.

Wophika wagwira chitseko kuti asagwe. Atapeza mpweya wamasulira. Nkhope yonse ya dona yafanana ndi mphuno. Walowa m'nyumba mothamanga, ndipo kuseka kwake kwamveka kudzera m'galasi.

Ntchito apatsa mkulu wa bulangete. Sananene liwu ngakhale limodzi, la Chingerezi kapena lathu. Wanyamula nkhuku, wauzira nthenga za pachifuwa kuti aone mnofu, waibweza, wanyamula ina, wagwedeza mutu. Basi. Ndafunsa wophika kuti nanga Chingerezi cha malonda chija? Akuti: "Zimenezo anawonjezera yekha mesenjala. Chingerezi ndili nacho ine. Dona akufuna munthu wodziwa nkhuku."

Mbatata agula dengu lonse, pa zala za Nankhoma, osapinda chala ngakhale chimodzi. Wophika akuti azibwera nazo Loweruka lililonse, madengu awiri ngati alipo. "Ndipo dona akuti amuna anuwa musamawasiye. Chimfine chatseguka."

Pobwerera Nankhoma watsogola mpaka pa mtsinje wachiwiri. Pamenepo watula dengu lopanda kanthu, wakhala pa mwala, waseka mpaka misozi, akuwomba m'manja monga ndinachitira ine. "Ndine wokwatira! Wa m'tchalitchi!" Ndaima ndikuyang'ana madzi. Atapuma wapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Akuti: "Koma munaloza ine." Wandipatsa dengu kuti ndinyamule.

Lamulungu

Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Njira imene inadzera sindikuidziwa.

Popita ku mapemphero akazi akundigwadira panjira, akuwomba m'manja. A Nachisale afunsa ngati lero ndikadali wokwatira. A Bokosi akuti cholakwa ndi changa, ndikanayang'ana ngati dona watseka diso. Tambala anadya dzulo, akuti anali wolimba.

M'tchalitchi ndaimba bwino. Chilatini sichinandichititsepo manyazi, poti palibe amafunsa tanthauzo.

Mapemphero atatha Abambo andikokera pambali. Akuti m'buku muja apezanso mawu ena a mtengo, ambiri ndithu, ena okongola kwambiri. Ndathokoza. Ndati akhale momwemo, m'bukumo mukufunda.

Apongozi aamuna agawa ntchito ya mawa, ndipo ayankhula nane mwachindunji, osadzera mwa Nankhoma: mizere yatsopano kumunsi kwa dimba, poti tsopano mbatata yapeza msika. Mbatata yoyambira kugulitsa agula kwa mnansi, poti yathu inatha. Madengu awiri Loweruka lililonse, lina la Nankhoma, lina langa. Ndiye ku Boma ndizipita ndithu, mlungu ndi mlungu, mpaka kunyumba kwa dona. Cha kuseri, nkhata pamutu.

Masana kuli zii. Nankhoma wabwera ndi dengu lake ndi khala. Akuti wophika anati madengu amasokonezeka kukhitchini, lake likhale ndi chizindikiro. "Lembani dzina langa."

Chikwatiraneni sanandipemphepo kulemba kanthu. Ndalemba pa mkombero, pang'onopang'ono, nsungwi ikudumphitsa khala. Walandira, walitembenuza chadodolido, waliyang'ana nthawi yaitali.

"Ndine ameneyu? Wamfupi chonchi?"

Ndati ndi mmene lilili, zilembo zisanu ndi zitatu. Akuti ndiwonjezere. Ndati palibe chowonjezera, dzina ndi dzina. Waimabe, dengu m'manja. Ndalembanso kachiwiri, kachitatu, mpaka dzina lazungulira mkombero wonse n'kukumana pamene linayambira. Wakhutira. Wapita nalo kukaonetsa amayi ake.

Dengu langa silinalembedwe kanthu. Mwini wake aliyense akumudziwa kale.